Kalata Yotseguka: Njuga Yabisala M'magemu a Ana Athu

Olemekezeka a Nduna oona zofalitsa nkhani ndi zamakono, akuluakulu a bungwe la MACRA, a bungwe loona za njuga la MAGLA, komanso aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo,

Pepani kuti ndakusonkhanitsani nonse m'kalata imodzi. Nkhani imene ndabwera nayo ilibe khomo lake lenileni. A zamaphunziro angati ndi ya makolo, a zaumoyo angafunse kuti wodwalayo ali kuti, a zanjuga angati ife timayang'anira malo obetchera okhala ndi chiphaso basi. Pamene ikuponyedwa uku ndi uku, ana athu akugona mbandakucha foni ili m'manja.

Ndikunena za masewera a pa intaneti amene munthu amalowa m'dziko lopeka n'kuvala thupi lina, kaya la msilikali, la wamatsenga kapena la sing'anga, n'kumakhala mmenemo limodzi ndi anthu zikwizikwi a m'mayiko ena. Eniake amawatchula kuti MMORPG, ana athu amangoti magemu. Amasiyana ndi kagemu ka mpira ka pa foni kamene wezulo ikalira nkhani yatha. Awa satha. Ukazimitsa foni, dziko lija limapitirira popanda iwe: anzako akukwera, msika ukugulitsa, zilombo zikuphedwa, ndipo iwe uli pa mphasa ukudziwa kuti akukusiya.

Kunjaku si zachilendo. EverQuest inatuluka mu 1999, ndipo sipanapite nthawi osewera eniake anaipatsa dzina lachipongwe lakuti EverCrack, poifanizira ndi mankhwala ozunguza bongo. World of Warcraft ya kampani ya Blizzard inatuluka mu Novembala 2004, ndipo pofika 2010 inali ndi anthu oposa 12 miliyoni olipira mwezi ndi mwezi. Kuno kwathu nthawi imeneyo sizinkatikhudza, chifukwa pankafunika kompyuta yamphamvu ndi intaneti yosadukaduka, zinthu zimene zinali m'nyumba zowerengeka. Lero zonsezo zalowa m'foni, ndipo magemu ambiri amatsitsidwa ulere. Mwana akangopeza foni yabwinoko ndi bandulo, walowa.

Ine ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo magemuwa ndinasewerako ndili pa maphunziro ku Johannesburg, kotero sindikunena za m'maluwa. Ndisanatchule zoipa zake mundilole ndiyambe ndawaikira kumbuyo, chifukwa munthu wosadziwa kukoma kwake adzalemba lamulo lophonya.

Taganizirani mnyamata amene walemba MSCE, wakhoza ndithu, koma dzina lake silinatuluke ku yunivesite. Makalata ofunsira ntchito walemba mpaka dzanja kutopa, yankho zii. Amadzuka m'mawa osadziwa chimene wadzukira. Ndiye alowe m'gemu. Mmenemo amuuza kuti pita ukaphe mimbulu khumi. Akapha, kamzere ka pansi pa sikirini kamayenda pang'ono. Kakadzaza, kuwala kumamuzungulira, belu n'kulira, wakwera gawo. Thukuta lake silipita pachabe ngakhale dontho. Palibe womufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, palibe wofuna kangachepe, palibe womuuza kuti ubwerenso mawa bwana atulukako. Kodi m'moyo wa mnyamata ameneyu ndi malo angati amene amamulipira mwachilungamo chotere?

Komabe belu lokhalo silingamusunge munthu zaka. Chimene chimamumanga ndi anthu anzake. Zilombo zikuluzikulu za m'magemuwa anazipanga dala kuti munthu asathe kupha yekha. M'masiku oyamba a World of Warcraft, nkhondo zina zinkafuna anthu 40 nthawi imodzi, aliyense ndi ntchito yake: wina woima patsogolo kuti chilombo chizimenya iyeyo, ena olasa chapatali, ena ochiritsa ovulala. Gulu limapangana tsiku ndi ola. Wochiritsa akajomba, wawonongera anzake onse usiku. Tsono mwana amene kwawo amamutchula kuti lova, uko akangochedwa mphindi zisanu mauthenga amachita kupanikizana: uli kuti, tikudikira iwe. Munthu kumudikira! Ena mwa ana athuwa palibe amene anawadikirapo chibadwire. Ndipo ubwenzi umenewo si wabodza ayi. Ndaonapo ana amene Chingerezi anachiphunzirira mmenemo, ndiponso mtsikana wamanyazi amene m'kalasi sankakweza dzanja koma m'gemu ankatsogolera amuna akuluakulu.

Eni magemu amazidziwa izi kuposa ife, ndipo amaziyeza. Pamene World of Warcraft inkayesedwa isanatuluke, okonza anaikamo lamulo lakuti munthu akasewera nthawi yaitali, mphotho zake zizichepa. Osewera anakwiya. Okonzawo masamu sanawasinthe, anangotembenuza kafotokozedwe: chimene ankachitcha chilango anati ndiwo muyezo wa masiku onse, ndipo muyezo wakale uja anati ndi bonasi ya munthu amene wapumako. Anthu omwe aja anaombera m'manja. Pamenepo cholinga chinali chabwino, chofuna kuti anthu azipuma, koma nkhaniyi ikusonyeza kuti anthuwa amadziwa pogwira mtima wa munthu. Luso lomwelo lero likugwira ntchito yomukoka kuti abwerere. Pali mphatso ya tsiku ndi tsiku, imene ukajomba tsiku limodzi mndandanda wako uduka. Pali mphamvu imene imadzaza pang'onopang'ono, ikadzaza n'kuima, kuti ukakhala m'kalasi uzimva ngati zikutayika. Pali zinthu zimene amaziika masabata ochepa okha n'kuzichotsa. Ndipo pali chachikulu, chimene katswiri wa ku America B. F. Skinner anachiona kalekale pa nkhunda: nkhunda imene imalandira chakudya nthawi yosadziwika, mwina pa kujompha kwachitatu mwina kwa makumi asanu, imajompha batani mosalekeza kuposa imene imadziwa nthawi yake. N'chifukwa chake chilombo cha m'gemu sichigwetsa lupanga labwino nthawi zonse. Mwina lero, mwina mawa.

Mwana wa mlongo wanga ankakhala nane ali Fomu 4. Anali mwana wofatsa, wosamwa mowa, wosayendayenda, moti anansi ankanditamanda kuti ndalera. Usiku wina magetsi atazima ndinadzuka kukamwa madzi, n'kumva kunong'ona m'chipinda mwake. Ndinampeza atafunda bulangete mpaka kumutu, foni atailumikiza ku pawabanki, mahedifoni ali m'makutu, akulankhula Chingerezi chothamanga chimene sindinamumvepo nacho masana. Tambala woyamba anali atalira kale. Gulu lake linali la ku America, ndipo 8 koloko madzulo ku New York kuno imakhala 2 kapena 3 koloko usiku. Nditati zimitsa, sanachite mwano. Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kuti, "Amalume, chonde, mphindi khumi zokha. Ine ndiye wochiritsa. Ndikachoka anzanga onse afa." Ine amene ndinakhalapo wochiritsa ndinadziwa kuti sakunama.

Zotsatira zake zinabwera mwakachetechete. Periyodi yoyamba ankaigona. Ku mpira wa madzulo anasiya kupita. Nsima ankadyera m'chipinda, dzanja limodzi m'mbale lina pa foni. Kenako ndalama ya mayeso, imene mayi ake anatumiza kuchokera kumudzi atagulitsa mtedza, inasowa. Sanagulire data. Anaitumiza kwa munthu wina wa pa WhatsApp wogulitsa ndalama za m'gemu, amene amalandira makwacha pa foni n'kukugulira ndi khadi lake la madola. Ankafuna chida china chimene chimatuluka mwa mwayi. Dzina la gemuyo sinditchula. Koma mawu amene anandiyankha sindidzawaiwala, chifukwa ndinawamvapo kwa madoda otuluka m'shopu yobetchera thumba lili pululu: "Ndinatsala pang'ono, amalume."

Apa ndi pamene nkhaniyi yachoka m'manja mwa makolo n'kufika pa tebulo lanu. Magemu akale unkalipira kamodzi pa mwezi, mtengo wodziwika. Aulerewa amadya kudzera m'bokosi la mwayi, limene ku Japan amati gacha: ulipire, utsegule, uone chimene chagwa. Titenge Genshin Impact, imene inatuluka mu 2020. Eni ake analemba okha kuti mwayi wopeza munthu wapamwamba wa m'gemumo pa kuyesa kumodzi ndi 0.6 peresenti. Ukalephera mpaka kufika ka 90 amakupatsa ndithu, koma n'kutheka kuti akupatsa wina osati amene ukumufunayo, ndiye kuti utsimikize pangafunike kuyesa mpaka ka 180. Kuyesako sugula ndi dola mwachindunji. Umagula timiyala, ndalama za m'gemu, timiyalato n'kusinthitsa ndi tina, tinato n'kugulira tikiti, moti pofika potsegula bokosi ngakhale mphunzitsi wa masamu sangakuuzeni msanga kuti zatuluka zingati. Mu Januwale 2025 kampani yofalitsa gemuyi inavomera kulipira madola 20 miliyoni pa mlandu umene bungwe la boma la America la FTC linaiimba, komanso kuleka kugulitsa mabokosiwa kwa ana osakwana zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Ku South Korea, mu Januwale 2024, boma linalipiritsa kampani ya Nexon ndalama za dzikolo zokwana ma won 11.6 biliyoni litapeza kuti mu gemu ya MapleStory inkachepetsa mwayi wa zinthu zina mobisa, zina mpaka kufika pa ziro, anthu akupitiriza kugula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwathu kuno pali kupweteka kwina kumene mwana wa ku London sakumva. Timiyalato mtengo wake ndi wa madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera usiku umodzi, pamene mtedza wa mayi uja sunakwere choncho. Ndipo madola amene akupita ku timiyala ndi omwewo amene tikuwasowa pogula mafuta ndi mankhwala.

Malamulo athu salola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha. Shopu yobetchera imakhala ndi chiphaso, imalipira msonkho, ndipo ikalowetsa mwana mukhoza kuitseka. Nanga bokosi limene lili m'foni ya mwana wa Fomu 2, lotsegula usana ndi usiku, likuyang'aniridwa ndi yani? Makampani amadziteteza kuti imeneyi si njuga, chifukwa wotsegula salephera kupezamo kanthu, komanso chimene wapezacho sangachisinthe kukhala ndalama. Ine ndikuti mwana amene wataya ndalama ya mayeso n'kupeza chipewa chimene sachifuna waluza basi, ndipo chibaba chimene chimamubwezera ku bokosilo n'chomwecho chimene chimabwezera bambo ake ku tikiti ya mpira. Bungwe loona za njuga ku Belgium linagamula chimodzimodzi mu 2018, kuti mabokosi ogula ndi ndalama ndi njuga. Makampani ena anawachotsa m'dzikomo, ndipo gemu ya Diablo Immortal itatuluka mu 2022 sinalowe n'komwe ku Belgium ndi ku Netherlands. Kunena chilungamo, magemu ambiri a pa foni anapitiriza kugulitsa mabokosi ku Belgium komweko ngati palibe chachitika, chifukwa lamulo lopanda wolilondola limangokhala pa pepala. A MAGLA, phunziro limeneli ndi lanu: mukadzalemba, mudzaikenso munthu woti azitsegula magemuwo n'kuona.

Ndikudziwa yankho limene lili pa milomo yanu. Kadziko ngati kathu kangathamangitse bwanji kampani ya ku Shanghai kapena ku California? Simufunika kupita kumeneko. Pafupifupi magemu onse a pa foni amalowa m'dziko muno kudzera pa makomo awiri, sitolo ya Google ndi sitolo ya Apple, ndipo onse awiri ali kale ndi lamulo lawo lakuti gemu yogulitsa mabokosi iziulula mwayi wake. Apple inayamba mu 2017, Google mu 2019. South Korea inasandutsa zimenezi lamulo la dziko mu Marichi 2024. Australia, kuyambira Seputembala 2024, imaika magemu okhala ndi mabokosi ogula m'gulu la osayenera ana osakwana zaka 15. Ife tikhoza kuyambira pomwepo, makamaka tikalankhula limodzi ndi anansi athu a mu SADC, chifukwa kalata yochokera ku mayiko khumi ndi angapo imawerengedwa msanga kusiyana ndi yochokera ku Lilongwe kokha. Mtengo uzilembedwa m'ndalama yeniyeni pambali pa timiyalato. Ndipo ndalama imatuluka kudzera m'njira zimene muli nazo kale mphamvu, makampani a mafoni ndi mabanki. Mwini nambala azitha kuika malire a ndalama zopita ku magemu pa mwezi, ndipo uthenga umene amalandira uzinena poyera kumene ndalama yapita. Ogulitsa timiyala a pa WhatsApp aja nawonso asamagulitse kwa mwana ngati akugulitsa zitumbuwa.

Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kutseka. Ndikudziwa kuti ndicho chimabwera msanga m'mutu, ndipo chimamveka bwino pa wailesi. South Korea inayesa. Mu 2011 inakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Ana anangotenga manambala a ziphaso za makolo awo n'kumalowera, kenako ambiri anasamukira pa foni, kumene lamulolo silinkafika. Patatha zaka khumi, mu 2021, boma linalengeza kuti likulichotsa. China inapita patali kuposa apo. Kuyambira mu 2021, mwana wosakwana zaka 18 amaloledwa ola limodzi lokha, 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, ndipo kampani ya Tencent inafika poyang'ana nkhope za osewera usiku kuti igwire ana obisala m'maakaunti a agogo awo. Kodi ife tikufuna dziko loyang'ana nkhope za anthu m'zipinda zawo? Ndiponso kuno nambala ya foni imalembetsedwa pa chiphaso cha unzika, kotero mwana wa zaka 13 amayendera nambala ya mayi ake. Makina adzaona mayi wa zaka 40 akupha zilombo 2 koloko usiku, n'kumulola. Lamulo lothamangitsa mwana lidzatopa lokha. Ligwire pa bokosi, pa mtengo wobisika ndi pa njira ya ndalama, chifukwa zimenezo sizingabisale pansi pa bulangete.

Kwa a zaumoyo, ndikudziwa kuti muli ndi malungo, kolera ndi amayi apakati, ndipo sindikupempha chipatala chatsopano. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu ndi matenda, ndipo linawaika m'ndandanda wake wa ICD-11 umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Silinanene kuti aliyense wosewera akudwala. Linanenetsa kuti ndi ochepa mwa osewera. Zizindikiro zake ndi zomveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira za chipatala: munthu walephera kudziletsa, gemu yadutsa zonse zimene ankazikonda, ndipo akupitiriza ngakhale akuona kuti sukulu, ntchito kapena banja zikugwa, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Pamene zingafike pakuoneka pa nkhani imene inagwedeza South Korea mu 2010, ya banja lina la ku Suwon limene khanda lawo la miyezi itatu linafa ndi njala iwo akuchezera m'malo osewerera, kulera kamwana kopeka mu gemu ya Prius Online. Zotere n'zosowa, ndipo sindikuzitchula kuti ndikuopsezeni. Zofala ndi zosalembedwa m'nyuzipepala: tulo tosakwana, chaka cha sukulu chobwereza, mkazi wolankhula ndi msana wa mwamuna wake. Ku Britain, bungwe la boma la zaumoyo la NHS linatsegula malo othandizira vutoli ku London mu 2019. Ife tingayambe ndi anthu amene tili nawo kale, alangizi amene amathandiza okodwa ndi mowa ndi chamba ku Zomba ndi ku St John of God, ndi aphunzitsi olangiza ana m'sukulu, kuti akamufunsa mwana za mowa ndi chamba azimufunsanso kuti amagona nthawi yanji.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa. Makolo ambiri akasuzumira pa sikirini n'kuona zilombo za nyanga ndi anthu oponya moto, amathamangira kunena kuti mwana walowa za satana, n'kupita naye kukamupempherera. Sinditsutsa pemphero. Koma chilombo cha nyangacho n'chithunzi chabe. Chimene chikudya ndalama ndi kabatani kokongola ka pakona, kamene kholo silikuona n'komwe. Ena amalanda foni n'kuimenyetsa pansi, osadziwa kuti tsiku limenelo amuchotsera mwana anzake onse amene ali nawo popanda kumupatsa ena. Mwana wa mlongo wanga uja sanachire ndi kulanda foni. Tinakhala pansi, ndinamulola atsanzike gulu lake mwaulemu n'kupeza la nthawi ya ku Ulaya imene imayenderana ndi yathu, foni izigona pa balaza, ndipo ndalama ya mtedza anaibweza ndi maganyu. Zinatheka chifukwa amalume ake ankadziwa kuti wochiritsa ndi ndani. Ana angati ali ndi mwayi umenewo?

N'chifukwa chake ndikupempha kuti phunziro la Life Skills, limene limakamba kale za mowa ndi fodya, likhale ndi tsamba la nkhaniyi. Lisakhale tsamba la ulaliki lakuti magemu ndi oipa, chifukwa ana adzaseka. Likhale la masamu. Apatseni 0.6 peresenti ija awerengere okha kuti pa anthu 1,000 oyesa kamodzi opambana ndi 6, ndiye asinthe madolawo kukhala makwacha, kenako kukhala matumba a chimanga. Muwaonetse chifukwa chimene mphatso ya tsiku ndi tsiku inaikidwira. Mwana amene waona chingwe cha msampha ndi maso ake amayamba kukwiyira woutcherayo, ndipo mkwiyo umenewo umagwira ntchito kuposa chikwapu changa. Uthenga womwewo upite pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti ufike kwa mayi wogulitsa mtedza uja.

Aphungu olemekezeka, komiti yanu yoona zofalitsa nkhani ikadzafuna kukambirana izi, musadzaitane akatswiri ovala masuti okha. Mudzaitanenso osewera eniake, anyamata ndi atsikana a ku Ndirande, ku Area 25 ndi ku Chibavi, ngakhale ogulitsa timiyala aja, abwere ndi mafoni awo. Mmodzi wa inu adzagwire foni, atsegule gemu, awerenge kuti padutsa mphindi zingati gemuyo isanamupemphe ndalama koyamba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sekondale, Lilongwe